Kampani ya Inshuwalansi Ikagwa, Amayamba Kulandira Ndani?

Nkhani yokambidwa kwa amalonda, eni minibasi ndi amayi a magulu a chilimba ku Chibolya, mu Lusaka

Ndikudziwa kuti ena mwasiya kantemba m'manja mwa mwana, ena mwasiya mbuzi kumsika zisanagulidwe, choncho sindizungulira.

Muno muli inshuwalansi yochuluka kuposa mmene ambirife timaganizira. Aliyense amene ali ndi minibasi, takisi, kapena galimoto yonyamula matumba a kabichi ku msika wa Soweto ali nayo, pakuti lamulo la pamsewu la 2002 sililola galimoto kuyenda popanda inshuwalansi ya third party, ija yolipira munthu wina amene galimotoyo yamuvulaza kapena kumupha. Alipo amayi muno amene amadulidwa kandalama mwezi ndi mwezi, ena pafoni ena pamalipiro, kuti tsiku la maliro bokosi, chakudya ndi galimoto yopita ku manda a Chingwere zisadzavute. Amene munatengako ngongole kubanki kapena kumakampani a ngongole zing'onozing'ono, kawirikawiri mkati mwake mumakhala inshuwalansi yodzabweza ngongoleyo mukamwalira, kaya anakufotokozerani kaya ayi. Ndipo inu amene mukuti zimenezo mulibe, mukamaoloka Lumumba Road m'mawa uliwonse, chithandizo chanu galimoto ikakugundani chili pa pepala la mwini minibasi amene simukumudziwa n'komwe.

Pogulitsa, ejenti amafotokoza bwino zimene kampani idzachita tsoka likakugwerani. Sanena zimene zimachitika tsokalo likagwera kampaniyo. Zimenezo ndizo tabwerera lero, chifukwa zinachitikapo kale muno mu Zambia, ndipo pali malamulo ake.

Pa malonda a inshuwalansi ndalama imatsogola. Mumalipira lero, ndipo chimene mumapita nacho kunyumba ndi lonjezo basi. Lonjezolo likhoza kudzafunidwa mawa, likhoza kudzafunidwa patapita zaka 25. N'chifukwa chake kampani imatha kukhala itagwa kale pamene maofesi ake akuwala, antchito akulandira malipiro, maejenti akugulitsabe mapepala pafupi ndi maofesi a bungwe la za pamsewu la RTSA. Ndalama za makasitomala atsopano zimabisa dzenje la akale. Lamulo silifunsa ngati muakaunti muli ndalama lero. Limafunsa kuti tikasonkhanitsa zonse zimene kampani ili nazo mbali ino, n'kuika mbali inayo zonse zimene inalonjeza, kuphatikizapo ngozi zimene zachitika kale koma eni ake sanafike kudzanena, ndi maliro amene adzachitike zaka zambiri kutsogoloku, kodi zikukwanirana, n'kutsalako ina yapadera? Ngati sizikukwanirana, kampaniyo yagwa, ngakhale mwini wake akuyendera galimoto yatsopano.

Njira zogwera si zachilendo. Kampani imatsitsa mtengo wa third party kuti ilande makasitomala a anzake, n'kuiwala kuti minibasi yolipira motchipa imagunda anthu chimodzimodzi ndi yolipira modula. Mabuloka ndi maejenti ena amatolera ndalama kwa inu koma n'kuchedwa kuzipereka kukampani, kapena osazipereka n'komwe, pamene kampaniyo m'mabuku mwake ikuziwerenga ngati chuma chake. Ndalama zina zimakwiriridwa m'mapuloti ndi m'nyumba zomanga, zimene simungagulitse Lachiwiri kuti mulipire maliro Lachitatu. Koma njira imene imandipweteka kwambiri ndi ya mwini kampani amene ali ndi mabizinesi ena, n'kumabwereketsa ndalama za makasitomala ku mabizinesi akewo popanda chikole chenicheni. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Antchito amaona, owerengera ndalama amaona, koma womuuza bwana kuti abweze palibe.

Inu mumaziona mochedwa, ndipo mumaziona pa kauntala. Kleimu imene kale inkatenga milungu iwiri yayamba kutenga miyezi. Akuti fayilo yasowa, bweretsaninso lipoti la apolisi. Akuti abwana sanasaine. Akuti tikupatseni theka lero mutisainire kuti nkhani yatha. Si kampani iliyonse yochedwetsa imene yagwa, koma pafupifupi kampani iliyonse yogwa imayamba ndi kuchedwetsa.

Akuluakulu muno mukukumbukira nthawi imene funso limeneli kunalibe. Pambuyo pa mfundo za ku Mulungushi za mu 1968, boma la a Kenneth Kaunda linakhazikitsa Zambia State Insurance Corporation, mwachidule ZSIC, ndipo pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 inali itatsala yokha pamsika. Inali ndi zochedwa zake, koma kumbuyo kwake kunali boma. Zinthu zinasintha boma la a Frederick Chiluba litalowa mu 1991. Msika unatsegulidwa, ndipo mu 1992 makampani a anthu wamba monga Madison ndi Professional anayamba ntchito. Mpikisano unabweretsa zabwino zambiri, koma unabweretsanso chinthu chimene dziko linali lisanazolowere, ndicho kugwa kwa nyumba zosunga ndalama za anthu. Banki ya Meridien BIAO itagwa mu 1995, anthu a mu Lusaka anaima pazitseko zotsekedwa ndi timabuku tawo m'manja. M'zaka zomwezo ndimo munabadwa bungwe la Pensions and Insurance Authority, limene timangoliti PIA, kudzera m'lamulo la penshoni la 1996, kenako kunabwera lamulo la inshuwalansi la 1997.

Lamulo la 1997 lija linakonzedwa mu 2005, ndipo chimodzi mwa zotsatira zake chinali chakuti kampani imodzi isamachite inshuwalansi ya moyo pamodzi ndi ya katundu ndi magalimoto. Ndicho chifukwa lero mumamva ZSIC Life payokha, ZSIC General payokha. Madison Life payokha, Madison General payokha. Ena anaona ngati ndi kungochulukitsa zikwangwani, koma nzeru yake ndi yaikulu: ndalama imene mayi wasunga zaka 15 kuti idzathandize ana ake isatengedwe kukalipira ngozi za mathiraki chaka choipa chikabwera. Mu 2015 boma linakweza ndalama imene mwini kampani ayenera kuikamo yekha asanagwire ndalama za anthu: K10 miliyoni kwa kampani ya katundu ndi magalimoto, K12 miliyoni kwa ya moyo. Si onse anapirira. M'zaka zotsatira PIA inalamula kuti makampani a Windsor General Insurance, Focus Life Assurance ndi A Plus Life Assurance athetsedwe chifukwa sakanatha kukwaniritsa zimene analonjeza. Awiri mwa atatuwo anali a inshuwalansi ya moyo. Lero tikuyendera lamulo latsopano, nambala 38 la 2021, limene linalowa m'malo mwa la 1997.

Tsono PIA ikaona kuti mabuku a kampani sakukwanirana, pamakhala njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyesa kuidzutsa. Yachiwiri ndi kuithetsa n'kugawa zotsala.

Tiyambe ndi kudzutsa. Makampani wamba, ogulitsa simenti kapena opanga zakumwa, ali ndi lamulo lawo la 2017 lonena za makampani olephera kubweza ngongole, ndipo lamulolo linabweretsa njira yopulumutsira bizinesi isanathetsedwe. Koma mabanki ndi makampani a inshuwalansi amawaikira woyang'anira wapadera, chifukwa amene ali nawo ngongole si amalonda akuluakulu khumi okhala ndi maloya awo. Ndi anthu zikwizikwi amene sadziwana, ndipo sangathe kukhala pansi kuwerenga mabuku a kampani. PIA imawerenga m'malo mwawo. Ikhoza kulamula eni kampani kuonjezera ndalama pofika tsiku lakuti. Ikhoza kuiletsa kugulitsa mapolise atsopano, kuti dzenje lisakule. Ikhoza kuimitsa laisensi. Zikafika povuta, ulamuliro umachoka m'manja mwa eni ndi madairekitala awo n'kupita kwa munthu woikidwa kuti ayang'anire zofuna za makasitomala. Munthu ameneyu amafufuza chuma chenicheni chimene chilipo, amatseka mipata yotulukira ndalama, n'kufunafuna wina woikamo ndalama zatsopano, kapena kampani ina yolimba yoti itenge makasitomala onse pamodzi ndi chuma chowayenera.

Njira yosamutsa makasitomala imeneyi munaiona ku mbali ya mabanki. Bank of Zambia italanda Investrust mu Epulo 2024, maakaunti a anthu anasamutsidwira ku Zambia Industrial Commercial Bank. Pa inshuwalansi, kusamutsa kotere ndi kofunika koposa kwa anthu a mapolise a moyo ndi a maliro, ndipo ndifotokoze chifukwa chake. Mwini minibasi kampani yake ikagwa amataya ndalama ya miyezi yotsala, n'kupita kukagula pepala lina tsiku lomwelo. Koma agogo amene analowa polise ya maliro ali ndi zaka 45, lero ali ndi zaka 68 ndipo akumwa mankhwala a shuga, sangakagule ina pa mtengo wakale. Kwina adzawauza kuti msinkhu wapitirira. Kwina adzawalandira pa mtengo wokwera, n'kuwauzanso kuti adikire miyezi ingapo polise isanayambe kugwira ntchito. Kuwabwezera kandalama kochepa sikubweza chimene ataya. Chimene chimawathandiza ndi chakuti kampani ina itenge lonjezo lija mmene linalili.

Choncho ine ndimaikonda njira yodzutsayi. Koma ndimaiopanso, ndipo ndikufuna mumve bwino apa, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti kutseka kampani ndi nkhanza ndipo kuisiya iyesebe ndi chifundo. Nthawi zambiri chifundocho chimapita kwa eni kampani, mtengo wake n'kulipira inu. Mwezi uliwonse umene kampani yopanda chiyembekezo ikhala yotsegula, lendi ikudya, malipiro a mabwana akudya, maloya akudya, ndipo zonsezo zikuchoka pa ndalama imene ikanagawidwa kwa makasitomala. Ngati ikugulitsabe, ndiye kuti tsiku lililonse pakulowa anthu atsopano ogula lonjezo lopanda kanthu. Anzathu a ku Kenya anaphunzira zimenezi movutika. Kampani ya United Insurance, imene inali ndi mamatatu ambiri, ndiwo maminibasi a kumeneko, inaikidwa pansi pa woyang'anira mu 2005, ndipo panapita zaka zoposa 10 nkhani yake ili m'makhoti, anthu ovulala akudikira, ena mpaka kumwalira osalandira kanthu. Ina, Invesco, inaikidwa pansi pa woyang'anira mu 2008, inadzuka n'kubwerera pamsika mu 2010, koma patapita zaka inagwanso. Kudzutsa kumafunika malire a nthawi, ndi munthu wolimba mtima wonena kuti apa zakanika.

Zikakanika, pamabwera likwideta. Dzina limeneli ambiri tinalimva kwambiri mu 2019 pa nkhani ya migodi ya KCM. Ntchito yake ndi kutseka kampani mwadongosolo: kusonkhanitsa chuma chonse, kuchigulitsa, kuwerenga onse amene kampani ili nawo ngongole, n'kugawa monga mwa lamulo.

Amayi a chilimba mumvetsa msanga chifukwa chake pamafunika munthu wotere. Gulu la anthu khumi likasokonekera pakati, asanu adya kale, asanu sanadye, mukudziwa zimene zimachitika ngati palibe woimitsa zinthu. Amene ali pafupi ndi msungichuma amathamanga usiku kukatenga zake zonse, wamphamvu pakamwa amatenga zotsala, ndipo mayi wofatsa amene anapereka mokhulupirika mwezi uliwonse amatsala chimanjamanja. Gulu lanzeru limati aliyense aime kaye, tiike pansi zonse zilipo, titolere kwa amene anadya kale, kenako tigawane poyera. Lamulo lothetsa kampani likuchita zomwezo. Likwideta akangolowa, kulipira kumaima, ndipo milandu yosumira kampaniyo siipitirira popanda chilolezo cha khoti. Kwa munthu amene kleimu yake inali pafupi kutuluka, zimenezi zimawawa kwambiri. Koma popanda kuimitsa kotere, kampani yaikulu yokhala ndi maloya ikanatumiza mabelifi kukanyamula zonse, inu a ku Chibolya musanamve n'komwe kuti kwagwa zotani.

Likwideta amatolera kuchokera kulikonse. Amagulitsa nyumba, magalimoto ndi mipando. Amalondola mabuloka amene anasunga ndalama. Amalondola ngongole zimene eni kampani anadzibwereketsa. Ngati kampani, itatsala pang'ono kugwa, inalipira mwamseri anzake a bwana n'kusiya ena, lamulo limamulola kupempha khoti kuti ndalamazo zibwezedwe. Ndipo madairekitala amene anayendetsa kampani mwachinyengo akhoza kulamulidwa kulipira kuchokera m'matumba mwawo. Palinso gwero lina limene ambiri salidziwa. Kampani ya inshuwalansi nayo imagula inshuwalansi ku makampani akuluakulu, monga Zambia Re kuno kwathu, ZEP-RE ya ku Nairobi, kapena Africa Re ya ku Lagos, kuti ngozi yaikulu ikagwa agawane mtolo. Moto ngati uja unapsereza City Market mu Julayi 2017, ukanakhala kuti katundu yense anali pa kampani imodzi yaing'ono, sikanaunyamula yokha. Ndalama zimene makampani akuluakuluwo ayenera kupereka zimalowa m'thumba la likwideta. Koma ngati kampani yogwayo inali itasiya kuwalipira, ndipo zimachitika kawirikawiri ndalama zikayamba kuvuta, gwero limeneli limapezeka louma.

Kenako pamabwera mzere. Patsogolo penipeni pamaima ndalama zoyendetsera ntchito yothetsayo, malipiro a likwideta ndi maloya ake. Ndi chifukwa china chimene ntchitoyi siyenera kutenga zaka zambirimbiri. Kumapeto kwenikweni kumaima eni masheya, amene amalandira pokhapokha ena onse atakhuta, ndipo nthawi zambiri salandira kanthu. Pakati pamakhala antchito a kampaniyo, a misonkho, amene anaibwereketsa ndalama, ndi inu a mapolise. Maiko ambiri anaona kuti munthu wa polise sayenera kufanizidwa ndi wamalonda amene anagulitsa makompyuta kukampaniyo pa ngongole, pakuti wamalondayo anali ndi mwayi wofufuza ndi kukana, pamene ndalama zimene zili m'kampanimo kwenikweni ndi za a mapolise. Ku America, kumene makampani a inshuwalansi sathetsedwa ndi lamulo wamba la ngongole koma ndi komishonala wa inshuwalansi wa chigawo chilichonse kudzera kukhoti, a mapolise amaikidwa pafupi ndi kutsogolo kwa mzere. Maiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya nawonso amawaika patsogolo pa ena.

Ngakhale muime pabwino, mumalandira zimene zilipo. Tiyerekeze kuti likwideta watolera K30 miliyoni, ntchito yake yadya K6 miliyoni, ndipo anthu a pa mzere wanu onse pamodzi akufuna K60 miliyoni. Zotsala ndi K24 miliyoni. Ndiye kuti pa K100 iliyonse aliyense alandira K40. Wa kleimu ya K10,000 alandira K4,000, ndipo mwina osati kamodzi, koma pang'onopang'ono pamene katundu akugulidwa.

Ndipo pa mzerewo simuikidwa chifukwa choti munalipira. Muyenera kudzionetsera. Likwideta amalengeza kuti onse amene ali ndi kleimu abweretse umboni pofika tsiku lakuti, ndipo ochedwa akhoza kupeza kugawa kwadutsa. Pano ndi pamene lamulo, ngakhale linalembedwa bwino, limaphonya anthu a m'makomboni. Chilengezo chimatuluka mu Gazeti ya boma ndi m'nyuzipepala za Chingerezi. Ndani muno anagulapo Gazeti? Mayi wogulitsa tomato ku Soweto amachoka panyumba mdima usanathe, ndipo nyuzipepala amaiona pokulunga katundu. Amadzamva kuti kampani inatha tsiku limene wapita ndi chikalata cha imfa ya mwamuna wake, n'kupeza pa ofesi paja pali sitolo ya mafoni. Kuonjeza apo, mapepala athu amakhala m'nyumba zimene madzi amalowa chaka ndi chaka. A ku Kanyama ndi a kuno simufunika kuuzidwa zimene Januwale amachita ndi chikwama chosungidwa pansi pa bedi. Ndipo mabuku a kampani yogwa nthawi zambiri amakhala osokonekera, kotero simungadalire kuti dzina lanu alipeza okha.

Tsopano ndifike pa munthu amene ndimamuganizira kwambiri pa nkhani yonseyi, amene sanasankhe kampani iliyonse. Mnyamata wokankha wilibala wagundidwa ndi minibasi, mwendo wathyoka, wagona ku chipatala cha UTH miyezi iwiri, ndipo sadzakankhanso wilibala. Minibasiyo inali ndi pepala la third party labwinobwino, koma kampani yake yathetsedwa. Kodi mlandu watha? Ayi. Amene anamuvulaza ndi dalaivala, ndipo mwini galimoto amayankha pa zochita za dalaivala wake ali pantchito. Kampani ya inshuwalansi inangolonjeza kulipira m'malo mwawo. Lonjezolo likafa, mlandu umabwerera kwa mwini wake. Mnyamatayo akhoza kusumira mwini minibasi, ndipo khoti likagamula, mabelifi akhoza kunyamula minibasiyo ngakhale katundu wa m'nyumba. Eni maminibasi, mvetsani zimenezi: pepala lotchipa la kampani yofooka limakupulumutsani kwa apolisi pa rodibuloko, koma silikupulumutsani kukhoti. Ku Kenya kuja, eni mamatatu ambiri amene analipira inshuwalansi mokhulupirika analandidwa magalimoto mwa njira imeneyi. Ndipo mnyamata uja naye sapindula kwenikweni, chifukwa minibasi yakale ikagulitsidwa ndi mabelifi siikwanira kumusunga moyo wake wonse. Amphawi awiri amatsala akulimbana, amene anadya ndalama ali kutali.

Pofuna kuchepetsa zoterezi, lamulo lathu lili ndi thumba lapadera lotchedwa Insurance Fidelity Fund, pamodzi ndi komiti yoteteza anthu a mapolise. Zinalipo m'lamulo la 1997 ndipo la 2021 linazipitiriza. Cholinga chake ndi kuthandiza anthu amene avutika chifukwa kampani yalephera kulipira. Matumba otere kulikonse amakhala ndi malire. La ku Kenya kwa zaka zambiri linkalipira osapitirira mashilingi 250,000 pa kleimu imodzi. Ku America makampani otsala amasonkhetsedwa kuti alipire makasitomala a mnzawo wogwa, mpaka pa mlingo woikika. Ndipo musaganize kuti kugwa ndi kwa makampani ang'onoang'ono a maiko osauka okha. Equitable Life ya ku Britain, imene inayamba mu 1762, inasiya kulandira makasitomala atsopano mu Disembala 2000, ndipo panapita pafupifupi zaka khumi boma la kumeneko lisanalengeze chipepeso cha mapaundi 1.5 biliyoni. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri akugwira ntchito, kampani ya 3Sixty Life, yogulitsa mapolise a moyo ndi a maliro kwa antchito a m'mafakitale, inaikidwa pansi pa woyang'anira mu Disembala 2021. Ku Malawi, kumene Gavanala wa Reserve Bank ndiye amayang'anira makampani a inshuwalansi, kampani ya Citizen Insurance inathetsedwa.

Pali zinthu zimene ndikufuna tizipemphe, ife monga anthu a dera lino, kudzera kwa khansala, kwa phungu wathu, ndi kwa PIA yeniyeniyo. Kampani ikathetsedwa, chilengezo chimveke m'Chinyanja ndi m'Chibemba pa mawailesi amene timamvera, monga Komboni Radio, osati kamodzi kokha. Kampani imene inkadziwa nambala yanu ya foni pofuna kukukumbutsani kulipira, likwideta wake agwiritse ntchito nambala yomweyo kukuuzani kuti bweretsani kleimu. Thumba la Fidelity lija lilengezedwe poyera kwa anthu wamba, kuti limalipira ndani, zingati, ndipo fomu yake imapezeka kuti, pakuti thumba limene eni ake salidziwa limathandiza okhawo ali ndi maloya. Makleimu ang'onoang'ono a maliro ndi a anthu ovulala pamsewu afulumizitsidwe, chifukwa K5,000 ya maliro ikabwera patapita zaka zinayi imapeza banja linakongola kale kwa a kaloba, ndipo chiwongoladzanja chadya kuposa ndalamayo. Komanso madairekitala amene anamwaza ndalama za anthu atsatidwe mpaka kukhoti, asaloledwe kutsegula kampani ina ndi dzina latsopano.

Pamene tikupempha zimenezo, pali zimene zili m'manja mwathu. Musanagule, onani ngati kampaniyo ili pa mndandanda wa makampani a laisensi umene PIA imafalitsa. Mwana wanu akhoza kuupeza pafoni. Funsani dzina la kampani yeniyeni imene ikunyamula lonjezo, pakuti amene akukugulitsani, kaya ndi ejenti, kaya nyumba ya maliro, kaya kampani ya mafoni, nthawi zambiri amakhala mkhalapakati chabe. Wina akakupatsani third party pa mtengo wotsika kwambiri kuposa ena onse, dzifunseni kuti tsiku la ngozi ndalama idzachokera kuti. Kleimu yanu ikachedwa popanda chifukwa chomveka, musangodandaula pa siteshoni. Lembani dandaulo ku PIA, maofesi awo ali ku Rhodes Park, ndipo sungani kope. Madandaulo akachuluka pa kampani imodzi, woyang'anira amaona msanga zimene mabuku akubisa, ndipo ndalama yogawana imapezeka isanathe.

Mukamva kuti kampani yanu yathetsedwa, wa galimoto asatulutse galimoto pamsewu asanagule pepala lina, ngakhale lakalelo likuonetsa kuti miyezi ikadalipo. Ndalama ya miyezi yotsalayo mukailembetse kwa likwideta ngati kleimu. Wa polise ya moyo kapena ya maliro asathamangire kuitaya, ndiponso asapitirize kupereka ndalama m'manja mwa ejenti. Afunse kwa likwideta kapena ku PIA ngati mapolise akusamutsidwira ku kampani ina, ndi kumene ayenera kulipira. Amene amadulidwa pamalipiro akaonane ndi olemba malipiro kuntchito kwawo, kuti ndalama isamapite ku kampani imene kulibe.

Popita kwa likwideta tengani pepala la polise, malisiti kapena mauthenga a pafoni osonyeza kuti munkalipira, mapesilipi ngati munkadulidwa pamalipiro, chiphaso chanu cha NRC, ndi chikalata cha imfa kapena lipoti la apolisi ndi la kuchipatala ngati kleimu inalipo kale. Perekani mafotokope, zenizeni zikhale ndi inu, ndipo musachoke pa kauntala asanakudindireni pa kope yanu kuti alandira, ndi deti lake. Amene mapepala anu akadali abwino, madzulo ano ajambuleni ndi foni, mutumize zithunzizo kwa mwana kapena m'bale wokhala kwina, ndipo muwauze a m'nyumba mwanu dzina la kampani, chifukwa polise ya maliro amene amakaitenga si amene anailipira.

Amene mwabwera ndi mapepala anu, tiyambe ndi inu.